Momwe Mungakonzere Phunziro la Baibulo pa Ulosi Wakuti Mitundu Yonse Idzapembedza Mulungu

Ngati mwapatsidwa udindo wotsogolera phunziro la Baibulo ku mlaga, ku mphakati, ku Mvano kapena ku gulu la achinyamata, ndipo mutu wake ndi wakuti mitundu yonse ya anthu idzapembedza Mulungu, mukhoza kuganiza kuti mwachita mwayi. Mutuwu umaoneka wofewa: kuwerenga vesi limodzi, kuimba nyimbo, kuuza anthu kuti tsiku lina tonse tidzakhala pamodzi, basi. Koma mkati mwake muli mafunso amene akhristu akhala akutsutsana kwa zaka mazanamazana, ndipo pagulu sipalephera munthu amene anamvapo za masiku otsiriza pa wailesi kapena pa WhatsApp, amene adzakufunsani zimene simunakonzekere. Malangizo awa ndi a munthu wamba amene ali ndi Baibulo, kope, cholembera ndi madzulo atatu kapena anayi oti akonzekere.

Ngati n'kotheka khalani ndi mabaibulo awiri. Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922, ndi Buku Loyera la mu 1998 zimathandizana: pamene chiganizo chakuvutani m'limodzi, linzake nthawi zambiri limachimasula.

Choyamba: sonkhanitsani mavesi, kenaka musankhe ndime imodzi

Tengani tsamba limodzi la kope, mulembe mavesi awa motsatana, ndipo lililonse muliwerenge mokweza. Yambani ndi Genesis 12:3, pamene Mulungu akulonjeza Abramu kuti mabanja onse a dziko lapansi adzadalitsidwa kudzera mwa iye. M'Masalimo lembani 22:27, 86:9, Salimo 67 lonse ndi Salimo 117, limene lili ndi mavesi awiri okha ndipo ndi chaputala chachifupi koposa m'Baibulo. Mwa aneneri lembani Yesaya 2:2-4, 19:23-25, 45:22-23, 56:3-8 ndi 66:18-23, Mika 4:1-5, Zefaniya 3:9-10, Zekariya 8:20-23 ndi 14:16-19, Malaki 1:11, Danieli 7:13-14. Malizani ndi Chivumbulutso 5:9, 7:9-10, 15:4 ndi 21:22 mpaka 22:2.

Mndandanda umenewu ndi wanu, si wa gulu. Mukafuna kuwerenga onsewa pa ola limodzi, anthu adzangotsegula ndi kutseka masamba, n'kubwerera kwawo opanda kanthu. Sankhani ndime imodzi yoti mukhazikikepo, ndi ziwiri zothandizira. Kwa gulu limene silinaphunzirepo nkhaniyi, ine ndimakonda Yesaya 2:2-4. Kwa akulu a mpingo ndi atsogoleri a mabungwe ndingasankhe Yesaya 19:23-25, chifukwa ndi ndime imene imabaya.

Chachiwiri: funsani kuti amene anamva mawuwa koyamba anali ndani

Gawo ili ndi limene alaliki ambiri amalumpha, pamene ndi limene limadzutsa ndime yonse. Ife tikamva zakuti mitundu yonse, timaganiza za mbendera zokongola ndi makwaya ovala zosiyanasiyana. Munthu wa ku Yuda akamva za mitundu ankaganiza za asilikali, msonkho ndi ukapolo.

Yesaya ndi Mika analalikira pa nthawi ya mafumu Yotamu, Ahazi ndi Hezekiya. M'masiku awo, cha m'ma 722 Khristu asanabadwe, Asuri anagwetsa Samariya n'kutenga anthu a ufumu wa kumpoto kupita nawo kutali. Mu 701 Senakeribu, mfumu ya Asuri, analanda midzi yamalinga ya Yuda ndipo nkhondo inafika pakhomo pa Yerusalemu. Tsono werenganinso Yesaya 19:23-25 muli ndi zimenezi m'mutu. Mneneri akunena za mseu waukulu wochokera ku Igupto kupita ku Asuri, mitundu iwiriyi ikupembedza pamodzi, Israyeli akukhala wachitatu. Mulungu akutcha Igupto anthu ake, Asuri ntchito ya manja ake, Israyeli cholowa chake. Igupto ndiye dziko limene makolo awo anaumba njerwa ali akapolo. Asuri ndiye amene anapha abale awo. Mayina achikondi amene Israyeli ankati ndi akeake akuperekedwa kwa adani ake awiri aakulu. Funsani gulu lanu kuti mayi amene mwana wake anatengedwa ndi Asuri akanamva bwanji ulaliki umenewu, ndipo mudikire, musadziyankhe nokha.

Chimodzimodzi ndi Zekariya. Iye anayamba kunenera m'chaka chachiwiri cha mfumu Dariyo, ndiye kuti 520 Khristu asanabadwe. Yerusalemu anali atawonongedwa ndi Ababulo zaka zoposa 60 m'mbuyomo, anthu ochepa anali atabwerera Koresi mfumu ya Aperisi atawalola, ndipo ntchito yomanganso Nyumba ya Mulungu inali itaima. Ezara 3:12 akutiuza kuti nkhalamba zimene zinaona nyumba yoyamba zinalira mokweza pamene maziko a yatsopano ankaikidwa. Kwa anthu ochepa mphamvu chotero, olamulidwa ndi Aperisi, Zekariya 8:23 akuti amuna khumi a zilankhulo zonse adzagwira mkanjo wa Myuda mmodzi n'kupempha kuti apite naye, popeza amva kuti Mulungu ali nawo. Nalonso phiri limene Yesaya 2 akuti lidzakwezedwa pamwamba pa mapiri onse si lalitali ayi. Ngakhale phiri la Azitona loyandikana nalo limaliposa.

Pa machaputala 40 mpaka 66 a Yesaya mudzapeza kuti akatswiri ambiri amati analembedwa nthawi ya ukapolo wa ku Babulo ndi pambuyo pake, pamene ena amati Yesaya yemweyo anaoneratu za m'tsogolo. Musataye nthawi ya gulu pa mkangano umenewu. Mbali zonse ziwiri zimavomereza kuti mawuwa akutonthoza anthu a muukapolo, ndipo n'zimene mukufunika pa phunziro lanu.

Chachitatu: werengani mavesi a kumbuyo ndi a kutsogolo

Werengani chaputala chonse, osangoti mavesi okoma okha. Mudzaona kuti lonjezo ndi chiweruzo zimayendera limodzi. Yesaya 45:23 akuti bondo lililonse lidzagwada, koma vesi 24 likunena za okwiyira Mulungu amene adzachita manyazi. Yesaya 66:23 akuti anthu onse adzabwera kudzapembedza, ndipo vesi lotsatira, limene ndi lomaliza m'buku lonse, likunena za mitembo ya opanduka. Mu Zekariya 14, amene akupita ku chikondwerero cha misasa chaka ndi chaka ndi otsala a mitundu imene inaukira Yerusalemu, ndipo mtundu wokana kupita sudzalandira mvula.

Yerekezaninso Yesaya 2:2-4 ndi Mika 4:1-5. Mawu ake ndi ofanana pafupifupi onse, kuphatikizapo aja osula malupanga kuti akhale makasu. Mika yekha akuwonjezera kuti munthu aliyense adzakhala pansi pa mpesa wake ndi mkuyu wake popanda womuopseza. Kwa alimi ndi anthu amene ali pa milandu ya malo vesi limeneli limamveka msanga. Ndipo Yoweli 3:10 akutembenuza mawu omwewo, akuitana mitundu kuti isule makasu akhale malupanga pokonzekera tsiku la chiweruzo. Mawu a Yesaya 2:4 analembedwa pakhoma moyang'anana ndi likulu la United Nations ku New York, koma amene analemba pakhomapo anasiya vesi 3, pamene mneneri akuti mtendere umenewo ukubwera chifukwa mitundu yapita kukaphunzira njira za Mulungu wa Yakobo.

Chachinayi: onani zimene Yesu ndi atumwi anachita ndi ulosiwu

Apa ndi pamene kumasulira kwachikhristu kumayambira. Mkhristu sawerenga Yesaya ngati kuti Chipangano Chatsopano kulibe. Lembani m'kope mwanu malo anayi awa.

Marko 11:17. Yesu atagubuduza matebulo a osintha ndalama anatchula Yesaya 56:7, kuti nyumba yake idzatchedwa nyumba yopemphereramo anthu a mitundu yonse. Akatswiri ambiri amati malondawo ankachitikira m'bwalo lakunja, malo okhawo amene munthu wosakhala Myuda ankaloledwa kuima. Bwererani ku Yesaya 56:3-5 muone kuti lonjezo likupita kwa alendo ndi kwa adindo ofulidwa, kenaka mutsegule Machitidwe 8:26-39. Nduna ya ku Etiopiya, mlendo komanso mfule, ikubwerera kwawo kuchokera ku Yerusalemu ikuwerenga Yesaya 53, machaputala atatu okha lonjezo lake lisanafike, ndipo Filipo akuibatiza.

Machitidwe 15. Cha m'ma 49 atumwi ndi akulu anakumana ku Yerusalemu pa funso lakuti kodi anthu a mitundu ina ayenera kudulidwa kuti apulumuke. Yakobo, mtsogoleri wa mpingo wa ku Yerusalemu, anatseka nkhani potchula Amosi 9:11-12, za kumangidwanso kwa msasa wa Davide umene unagwa. Mukaona kuti mawu a mu Machitidwe akusiyana pang'ono ndi a mu Amosi musadabwe, akutsata Chipangano Chakale cha Chigriki. Chachikulu n'chakuti Yakobo anawerenga ulosiwu ngati chinthu chimene chikuchitika pamaso pawo, pamene anthu onga Korneliyo, msilikali wachiroma, akulandira Mzimu Woyera.

Afilipi 2:10-11. Paulo akutenga mawu a Yesaya 45:23, amene m'buku la mneneri akunena za Mulungu mmodzi yekha wa Israyeli, n'kuwanena za Yesu.

Aroma 15:7-12. Pano ndikupemphani mukhalitse. Paulo akuunjika mavesi anayi motsatizana: Salimo 18:49, Deuteronomo 32:43, Salimo 117:1 ndi Yesaya 11:10. Onse akunena za Mulungu akutamandidwa kapena kuyembekezeredwa pakati pa mitundu. Koma n'chifukwa chiyani akuwatchula? Werengani chaputala 14. Mpingo wa ku Roma unali ndi okhulupirira achiyuda ndi a mitundu ina amene ankanyozana pa nkhani ya zakudya ndi masiku. Paulo sakujambula tchati cha masiku otsiriza. Akugwiritsa ntchito ulosi pofuna kuti anthu amene ankakana kudyera pamodzi alandirane monga Khristu anawalandirira. Ngati pali chinthu chimodzi chimene gulu lanu liyenera kupita nacho kunyumba, ndi chimenechi.

Onaninso kusintha kwa njira. Mwa aneneri ambiri mitundu ikukhamukira ku Ziyoni. Mu Mateyu 28:19 ndi Machitidwe 1:8 ophunzira ndi amene akutuluka kupita kwa mitundu, ndipo mu Yohane 4:21-23 Yesu akuuza mayi wa ku Samariya kuti ikudza nthawi imene kupembedza sikudzakhala pa phiri lawo kapena ku Yerusalemu. Zimenezi sizachilendo kwa aneneri, popeza Yesaya 66:19-21 ananena kale za anthu otumidwa ku maiko akutali amene sanamvepo mbiri ya Mulungu.

Chachisanu: gawani tsamba patatu

Lembani mitu itatu: zachitika kale, zikuchitika, zikudikira. Pansi pa woyamba ikani Pentekoste, Korneliyo ndi nduna ija. Pansi pa wachiwiri ikani gulu lanu lomwelo, anthu a mtundu umene Yesaya sankaudziwa n'komwe, akuwerenga mawu ake m'Chichewa. Pansi pa wachitatu ikani kutha kwa nkhondo, kugwada kwa bondo lililonse ndi khamu losawerengeka la pa Chivumbulutso 7:9. Ntchito imeneyi sitenga mphindi khumi, koma imateteza ku zolakwika ziwiri: kunena kuti zonse zinatha kale, kapena kukankhira zonse kutsogolo ngati kuti lero zilibe nafe ntchito.

Chachisanu ndi chimodzi: dziwani pamene akhristu amasiyana

Kusiyana kwakukulu kwagona pa zaka 1,000 za pa Chivumbulutso 20. Ena amati Khristu adzabwera kaye, kenaka adzalamulira padziko zaka 1,000, ndipo m'nthawi imeneyo ulosi wonga Zekariya 14 udzakwaniritsidwa monga momwe walembedwera, mitundu ikupita ku Yerusalemu weniweni. Maganizo oyembekezera ufumu wotere analipo kale mwa atsogoleri ena a mpingo woyamba monga Irenaeus. Mtundu wake umene wafala masiku ano, wosiyanitsa kwambiri Israyeli ndi mpingo, unaphunzitsidwa ndi John Nelson Darby m'zaka za m'ma 1800 ndipo unafalikira ndi Baibulo la ndemanga la Scofield la mu 1909. Mudzaumva kawirikawiri m'mipingo ya chipentekoste. Akhristu ochokera m'maiko osiyanasiyana amene amapita ku Yerusalemu pa chikondwerero cha misasa chaka chilichonse kuyambira 1980 amatchula Zekariya 14:16.

Ena amati zaka 1,000 ndi chiphiphiritso cha nthawi yonse ya mpingo, kuchokera pa kuuka kwa Khristu mpaka kubweranso kwake. Augustine wa ku Hippo, kumpoto kwa Africa, ndiye anakhazikitsa kamvedwe kameneka, ndipo Akatolika, Alutherani ndi mipingo yambiri ya Reformed amatsata njira imeneyi. Kwa iwo Ziyoni wa aneneri ndi anthu a Mulungu mwa Khristu, ndipo chimaliziro ndi mzinda wa pa Chivumbulutso 21, mmene mulibe kachisi. Malaki 1:11, za nsembe yoyera yoperekedwa ponseponse kuyambira kotulukira dzuwa mpaka kolowera, akhristu a m'zaka zoyambirira monga Justin Martyr ankaimva kuti ndi Mgonero wa Ambuye, ndipo mawu ake akumvekabe m'mapemphero a Misa.

Gulu lachitatu limati Uthenga Wabwino udzafalikira ndi kusintha maiko kwambiri Khristu asanabwere. Jonathan Edwards, m'zaka za m'ma 1740, anatenga Zekariya 8:20-22 n'kuitana akhristu a maiko osiyana kuti azipemphera pamodzi. William Carey analalikira pa Yesaya 54:2-3 ku Nottingham mu 1792, ndipo chaka chotsatira anapita ku India. Amishonale ambiri a m'zaka za m'ma 1800 anakulira m'chiyembekezo chotere.

A Seventh-day Adventist ali ndi kamvedwe kawo: zaka 1,000 oyera mtima adzakhala kumwamba, ndipo Yesaya 66:22-23 amaiwerenga ngati kupembedza kwa pa Sabata m'dziko latsopano.

Musanaime pagulu funsani abusa kapena akatekisiti kuti mpingo wanu umaphunzitsa chiyani. Fotokozani zimenezo momveka, ndipo maganizo a ena muwanene mwaulemu, moti mwini wake atakhala pomwepo avomereze kuti mwanena zoona. Ine ndimakopeka ndi mmene Yakobo ndi Paulo anawerengera aneneri, ndipo ndimaona kuti kubwezeretsa kachisi ndi nsembe za nyama, kumene ena a gulu loyamba amayembekezera, kumalimbana ndi Ahebri 10. Koma amene amaumirira kuti malonjezo a kwa Israyeli sanafafanizidwe ali ndi Aroma 11 kumbali yawo, ndipo chaputala chimenecho sichochikankhira pambali.

Chachisanu ndi chiwiri: konzekerani mafunso awiri amene sadzalephera

Loyamba ndi lakuti: kodi ndiye kuti munthu aliyense adzapulumuka? Alipo akhristu, kuyambira kale, amene amayembekezera zimenezo, koma mipingo yambiri siphunzitsa choncho. Onetsani Chivumbulutso 5:9 ndi 7:9, pamene akunena za anthu ochokera mwa fuko lililonse ndi chilankhulo chilichonse, ndi 21:27, pamene akuti chodetsedwa sichidzalowa mumzinda. Yankho lofala ndi lakuti palibe mtundu umene udzasowe, ngakhale sizitanthauza munthu aliyense payekha. Nkhaniyi ikafika pa achibale achisilamu kapena otsata chipembedzo cha makolo, samalani pakamwa. M'mabanja ambiri kuno muli zipembedzo ziwiri, ndipo amene akufunsayo mwina akuganiza za mayi ake.

Lachiwiri ndi lakuti: zidzachitika liti? Wina adzatchula Mateyu 24:14, kuti Uthenga udzalalikidwa kwa mitundu yonse kenaka chimaliziro chidzafika, n'kufunsa kuti yatsala mitundu ingati. Muwerengereni vesi 36 la chaputala chomwecho ndi Machitidwe 1:7. Ife tili ndi mbiri yathu pa nkhani ya madeti. Elliot Kamwana anabwerera ku Nkhata Bay chakumapeto kwa 1908 akulalikira kuti ufumu watsopano ufika mu 1914, ndipo anabatiza anthu zikwizikwi m'miyezi yochepa boma la atsamunda lisanamuchotse m'dziko mu 1909. Anthu anamukhamukira chifukwa msonkho ndi ulamuliro wa azungu zinali kuwawawa ndithu, choncho musamuseke. Koma 1914 inabweretsa nkhondo yaikulu, ndipo atsamunda anakhalabe zaka zina 50. Nayenso Harold Camping wa ku America anaika 21 May 2011 ngati tsiku la chiweruzo, tsiku linafika n'kudutsa.

Chachisanu ndi chitatu: bweretsani ulosiwu pakhomo

Pali mavesi amene akhristu a ku Africa akhala akuwakonda. Salimo 68:31 likunena za Kusi akutambasulira manja ake kwa Mulungu, ndipo Zefaniya 3:10 za opembedza ochokera kutsidya kwa mitsinje ya Kusi, dera la kumwera kwa Igupto limene mabaibulo ena amalitcha Etiopiya. Mangena Mokone atayambitsa mpingo wodziimira pawokha ku Pretoria mu 1892 anautcha Ethiopian Church, ndipo Salimo limeneli linakhala mbendera ya ambiri amene anatopa ndi kuchepetsedwa m'mipingo ya amishonale. Atchuleni mavesiwa. Anthu ayenera kudziwa kuti sanalowe m'Baibulo mozembera.

Koma musalekere pamenepo, chifukwa n'kosavuta kukondwera kuti ife tilimo n'kuiwala kuti Asuri nayenso alimo. Konzani mafunso amene akukhudza mpingo wanu weniweni. Kodi pa chisankho cha akulu a mpingo anthu amayang'ana dzina la bambo ndi boma lochokera? Kodi Mlomwe, Mtumbuka, Msena kapena Myao amene wasamukira m'dera lanu amapatsidwa udindo, kapena amangokhala mlendo zaka khumi? Nyimbo ya chilankhulo china ikayambika, nkhope zimatani? Ngati muli ku Dowa kapena ku Lilongwe, anthu a ku Congo, Burundi ndi Rwanda a ku Dzaleka mumawatchula motani mukakhala panokha? Ngati muli ku Johannesburg, kumene inuyo ndinu mlendo, funso limatembenuka: kodi mpingo wanu wa Amalawi okhaokha uli ndi khomo lolowera mwini dziko? Sankhani mafunso awiri okha. Ndipo musatchule munthu kapena banja, phunziro lingasanduke bwalo la milandu.

Chomaliza: gawani ola lanu

Mphindi 5 zoyamba, pemphero ndi Salimo 117, gulu lonse liwerengere pamodzi. Mphindi 10, anthu awiri awerenge ndime yaikulu, wina m'Buku Lopatulika wina m'Buku Loyera, ndipo aliyense anene chimene chamudabwitsa. Mphindi 10, fotokozani mbiri ya nthawi ya mneneri, mwachidule ndi mosawerenga papepala. Mphindi 15 pa Aroma 15:7-12 kapena Machitidwe 15. Mphindi 15 pa mafunso a pakhomo. Zotsalazo pempherani, ndipo ngati pagulu pali olankhula zilankhulo zina apempheni pasadakhale kuti apemphere m'chilankhulo chawo, osawadzidzimutsa pamaso pa anthu.

Nkhani ya zaka 1,000 siingakwane mu ola lomwelo. Wina akaiyambitsa, lembani funso lake, mulonjeze kuti mudzalitenga sabata yamawa, ndipo muuze gulu lonse likawerenge Zekariya 14 ndi Chivumbulutso 20 mpaka 22 lisanabwere.